Magolovesi a rulleski, ndigule otani? Manja atha ndi matuza

Nabanda (Trondheim): Moni nonse pa gulu pano. Ndabwera ndi vuto, makamaka kwa inu amene muli kuno ku Norway ndi ku Sweden. Anzanga akuntchito anandikopa mpaka ndalowa nawo m'gulu lokonzekera Birkebeinerrennet ya March ikubwerayi, mpikisano wa ski (kutsetsereka pa sinowo) umene ambiri amangouti Birken, ija ya makilomita 54 yochokera ku Rena kukathera ku Lillehammer, nde poti pano kulibe sinowo tikumapanga pulakatisi pa rulleski ku Granåsen, bwalo la ski la kuno ku Trondheim, katatu pa sabata. Miyendo ilibe vuto, mpweya nawo ukubwera pang'onopang'ono, koma manja abale. Pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala patuluka matuza manja onse awiri, la kumanja linaphulika Loweruka ndipo pasupuka pofiira psuu. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, pa shifiti imodzi ndimasamba m'manja ndi kupaka sanitaiza kosawerengeka, nde mukudziwa mmene spiriti imalumira pa bala. Dzulo misozi inalengeza ndili m'chipinda mwa agogo ena. Sindikufuna kusiya chifukwa masewerawa ndawakonda kwambiri. Ndigule magolovesi otani?

Wa ku Zomba: Pepani achemwali ndi matuzawo. Koma tithandizeni ife akumudzi kuno, rulleski nde chani? Ndi nsapato za matayala zija ana amathamanga nazo?

Nabanda (Trondheim): Ayi achimwene, n'zosiyana. Ndi timitengo tiwiri ta aluminiyamu, kutalika ngati mkono, tayala limodzi kutsogolo lina kumbuyo. Nsapato imamangika kuzala kokha, chidendene chimanyamuka. M'manja mumakhala ndodo ziwiri zazitali zokankhira pansi. Anthu otsetsereka pa sinowo amagwiritsa ntchito zimenezi nthawi yotentha, pa msewu wa tala, kuti thupi lisaiwale. Zambiri sizikhala ndi mabuleki.

Wa ku Zomba: Opanda mabuleki? Eee nde kuno pa mtsetse wochokera ku Ku Chawe sizingatheke. Pitirizani ndikuwerenga nawo.

Malume (Lillehammer): A Nabanda, tisanakambe zogula, tandiuzani kaye zinthu zitatu. Panopa mukuvala chani m'manjamo? Ndodo zanu zili ndi lamba wotani, wongolowetsa dzanja ngati chingwe kapena uja wokuta dzanja lonse n'kumata ndi velcro? Nanga nsonga za ndodozo munanola liti?

Nabanda (Trondheim): Zikomo amalume. Ndikuvala magolovesi anga a njinga, odula zala, ali ndi gel wochindikala pachikhatho, ndimaona ngati akhala bwino poti ndi ofewa. Lamba ndi wa velcro uja. Ndodo ndinagula za kaunjika pa Finn, msika wa pa intaneti wa kuno. Zonola nsongazo ndikuzimva koyamba lero.

Malume (Lillehammer): Basi nkhani yonse ili pamenepo, ndipo musadandaule, ine ndinayambanso chimodzimodzi zaka zambiri zapitazo. Golovesi ya njinga anaisokera munthu amene watsamira pa handulo, thupi lonse likulemera pachikhatho, nde gel uja amaikidwa kuti handulo isakupwetekeni. Pa ndodo ya ski mphamvu sidutsa pachikhatho ayi, imadutsa pa lamba, m'mphepete mwa dzanja kumunsi kwa kachala kakang'ono ndi mozungulira chala chachikulu. Nde mukavala golovesi yochindikala mkati mwa lamba wothina, gel uja amasowa kolowera, amakwinyika, ndipo khwinya limenelo limakupekesani khungu nthawi iliyonse mukakankha. Tawerengani kuti pa ola limodzi mumakankha kangati. Komanso magolovesi ambiri a njinga ali ndi msoko wodutsa ndendende pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, pomwe inu mukuti patuluka matuzapo. Tatembenuzani yanuyo kunja mkati muone ngati ndikunama.

Nabanda (Trondheim): Ndatembenuza. Msoko ulipodi, wokhuthala, ndipo wathimbirira magazi pomwepo. Ha.

Achimwene a ku Göteborg: Ine ndinene zanga mosabisa, tayani magolovesiwo basi, yendani manja ali pamtunda. Ine chilimwe chonse sindivala kanthu. Masabata awiri atatu oyambirira zimawawa kenako khungu limalimba lokha, ngati mmene zimakhalira ndi khasu kumudzi, mwezi wa October matuza mbwee koma pofika nthawi yopalira mpini sukukuvutanso. Ndinathamanga Alliansloppet ku Trollhättan, makilomita 48, kukankha ndi manja okhaokha, popanda golovesi, ndipo ndinafika bwinobwino. Mukaonera mipikisano ya rulleski pa TV muona akatswiri ena ali manja okha kukatentha. Dzanja likakhala pamtunda umaimva bwino ndodo, suchitanso thukuta lambiri.

Namwino (London): Achimwene zimenezo zinakuyenderani inu, koma tawerenganinso zomwe a Nabanda alemba. Iwowa amagwira anthu okalamba, ena ali ndi zilonda, ena chitetezo cha m'thupi n'chofooka. Munthu wa ntchito yathuyi sangakhale masabata atatu ndi mabala otseguka m'manja akudikira kuti khungu lilimbe. Ndi zoopsa kwa iwo komanso kwa odwalawo. Komanso manja osamba sopo ndi spiriti tsiku lonse khungu lake limauma n'kumang'ambika, sililimba ngati la munthu wa khasu. A Nabanda, choyamba lipoletseni balalo. Litsukeni ndi madzi oyera, mateni pulasitala ya matuza ija yokhala ngati khungu, monga Compeed, ndipo ku ntchito muziphimba ndi yosalowa madzi. Thuza limene silinaphulike musaliboole. Pakayamba kutupa, kutentha kapena kutuluka mafinya kaonetseni msanga.

Achimwene a ku Göteborg: Apo mwanena zoona asisi, za ntchitozo sindinaziganizire. Koma ndimaonabe kuti anthu amathamangira kugula zinthu pomwe vuto ndi kagwiridwe.

Malume (Lillehammer): Pa kagwiridwe tigwirizana achimwene, ndibwerapo. Koma pa zoyenda manja okha ine sindingamuuze munthu wongoyamba kumene. Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira. Tsiku lina ndikutsika kamtsetse kakang'ono, liwiro losaopsa n'komwe, kamwala kochepa ngati njere ya chimanga kanalowa kutsogolo kwa tayala. Tayala linaima pomwepo, ine thupi linapitirira. Munthu ukamagwa suganiza, manja amatsogola okha, ndipo poti ndodo zamangika ku lamba sungathe kutambasula chikhatho bwinobwino, zomwe zimayamba kukhudza tala ndi mfundo za zala. Tsiku limenelo ndinasiya magolovesi m'galimoto chifukwa kunatentha. Mfundo zinayi za dzanja lamanzere zinasupuka, timiyala tinalowa mkati, ndinakhala milungu iwiri osatha kupinda zala bwinobwino chifukwa nkhanambo imang'ambika ndikangofumbata. Zipsera ndili nazo mpaka lero. Pa sinowo ukagwa umaterereka n'kudzuka, pa tala khungu limatsala pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo ndimavala a zala zonse olo kutenthe bwanji, pamodzi ndi helimeti.

Mai a Tadala (Oslo): Amalume zimenezo ndaziona ndi maso pa ana a ku kalabu ya mwana wanga. Kwathu kuno mphunzitsi salola mwana kukwera rulleski alibe helimeti ndi magolovesi, ang'onoang'ono amawaveka ndi zoteteza mawondo ndi zigongono zomwe. Koma mng'ono wanga Nabanda ndikuuze za ndalama, poti tonse tikudziwa kuti kuno ndalama ili ndi ntchito zambiri, kumudzi akudikira fizi ndi feteleza. Tadala akukula msanga, manja akusintha saizi chaka ndi chaka, nde ine ndimamugulira magolovesi opyapyala a amisiri aja, amavala okonza magalimoto ndi a magetsi, amapezeka ku Biltema kapena ku Jula. Ndimasankha a chikopa chopyapyala pachikhatho, kumbuyo nsalu yotamuka. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi a m'shopu ya zamasewera, ndipo akang'ambika sizikuwawa mumtima. Bola osatenga aja opakidwa labala mbali zonse, amenewo mpweya sulowa, manja amanyowa ngati wawaviika mu ndowa.

Nabanda (Trondheim): Achemwali amenewo sapekesa? Ndikuopa misoko tsopano.

Mai a Tadala (Oslo): Ena amapekesa ena ayi, nde umayenera kuvala m'shopu momwemo, kufumbata, kupapasa mkati ndi chala. Ine ndimatenga mapeya atatu anayi kuyesa ndisanasankhe. Vuto lina ambiri amakhala ndi velcro yokhuthala pomangira wotchi, imeneyo imalimbana ndi velcro ya lamba wa ndodo. Ndikapeza otero ndimadula kachingweko ndi sizasi n'kusokerera ndi singano.

Malume (Lillehammer): Nzeru ya Mai a Tadala ndi yabwino ndipo anthu ambiri a kuno amachita zomwezo, si ife tokha. Koma kwa munthu wamkulu amene manja sakukulanso, akuyenda katatu pa sabata, ndipo manja ake ndi amene amamudyetsa, ine ndingati agule peya imodzi yosokedwera ntchito imeneyi. M'shopu mukafunse rulleskihansker. Amapanga a Swix, a Lill-Sport, a Hestra, a Dæhlie ndi ena. Dzina la kampani lisakutengeni mtima, yang'anani izi. Pachikhatho pakhale chikopa chimodzi chopyapyala chopanda siponji, kaya chikopa cha mbuzi kaya chopanga chija amati Clarino. Pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala pakhale chigamba chowonjezera chimene msoko wake wapita kumbali, osati pakati. Kumbuyo kwa dzanja ikhale nsalu ya timabowo ngati neti kuti thukuta lizituluka. Pomangira wotchi pakhale posalala, pafupi, popanda zomatamata. Ndipo chachikulu kuposa zonsezi, nyamulani ndodo yanu popita kushopuko. Golovesi siyesedwa pa dzanja lokha, imayesedwa mkati mwa lamba. Muvale, mulowetse mu lamba, mumange mmene mumamangira, mukankhe pansi kangapo n'kutambasula dzanja kumbuyo. Mukamva kanthu kakukudinani olo pang'ono, dziwani kuti pakatha ola limodzi pamenepo pakhala thuza.

Kabaza (Aberdeen): Ndalowa mochedwa ndinali ku shifiti. Ine ndine munthu wa njinga koma ndinaphunzira rollerski ku Huntly, kumtunda kwa Aberdeen kuno, kuli malo ophunzitsira ndi kanjira ka tala, ndi kalabu yomwe anakulira Andrew Musgrave uja amathamangira Britain. Ndifuna nditeteze pang'ono magolovesi a njinga amalume, si onse ali ndi gel. A mountain bike a zala zonse, opyapyala, opanda siponji, ine ndimavala omwewo ku njinga ndi ku ndodo ndipo sanandivutepo. Amene a Nabanda ali nawowo ndi a njinga za pamsewu, amenewo nde ayi. Komanso odula zala ali ndi vuto lina lomwe simunatchule, m'mphepete momwe adulira muja mumapindika n'kumaluma pakati pa zala, makamaka kukagwa mvula. Kuno mvula ndi ya tsiku ndi tsiku nde ndikudziwa.

Malume (Lillehammer): Zoona achimwene, a mountain bike opanda gel amagwira ntchito, ndavomera. Bola msoko uja.

Achimwene a ku Göteborg: Koma a zala zonse mu July satentha? Ine n'chifukwa chake ndinawataya. Manja amachita thukuta, golovesi imanyowa, khungu limafewa ngati wachapa zovala tsiku lonse, nde matuza amabwera msanga kuposa uli manja okha.

Kabaza (Aberdeen): Zimatengera nsalu yake. A neti kumbuyo mphepo imalowa bwino ukamayenda. Ine ulendo ukakhala wa maola awiri kapena kuposa ndimanyamula peya yachiwiri mu kachikwama ka m'chiuno kamene ndimaikamo madzi, ndikafika theka ndimasintha. Khungu lonyowa ndi limene limasupuka, pamenepo mukunena zoona.

Nabanda (Trondheim): Nanga saizi? A njingawa ndinagula okulirapo dala chifukwa sindikonda zothina.

Malume (Lillehammer): Apo nde pali vuto lachiwiri. Golovesi yokhwepa imayendayenda pa khungu, ndipo kuyendayenda kumeneko n'kumene kumabala thuza. Iyenera kugwira ngati khungu lachiwiri koma magazi aziyenda. Tengani tepi ya telala, muzunguze dzanja pa mfundo za zala osaphatikiza chala chachikulu. A Hestra ndi ena amalemba saizi ndi manambala, ndipo nambalayo imayandikana ndi mainchesi a muyezo umenewo, monga masentimita 20 ndi cha m'ma 8. Koma makampani amasiyana kasokedwe nde musagule pa intaneti koyamba. Kumapeto kwa zala kusatsale mpata wopinda. Mukafumbata pachikhatho pasapange khwinya lalikulu. Chikopa chenicheni chimatamuka mukachivala masiku angapo, nde chikayamba chothina pang'ono palibe vuto, chopangacho sichitamuka kwenikweni, chimakhala mmene mwachigulira.

Mai a Tadala (Oslo): Ndiwonjezere, lamba nayenso ali ndi saizi. Ambiri sadziwa. Poti ndodozo munagula za kaunjika mwina mwini wake anali bambo wa manja akuluakulu. Tayang'anani mkati mwa lamba muli kalemba S, M kapena L, komanso kuti wakumanja ndi uti wakumanzere ndi uti. Tadala anayenda mwezi wathunthu atasinthanitsa ndodo, akudandaula chala chachikulu, ine osadziwa, mpaka mphunzitsi anaona.

Nabanda (Trondheim): Ndayang'ana. Alembapo L. Dzanja langa ndi laling'ono, velcro ndimaikoka mpaka kumapeto koma limaseweramo.

Malume (Lillehammer): Ndiye mwapeza vuto lachitatu. Lamba akakula dzanja silitsamira pa iye, nde mumakakamizika kufinya chigwiriro cha ndodo ndi zala kuti isapulumuke. Apa ndi pomwe achimwene a ku Göteborg amanena za kagwiridwe. Ndodo ya ski sigwiridwa ngati mpini wa khasu kapena musi. Kutsogolo mumaigwira mopepuka, mukakankha mphamvu imapita pa lamba, dzanja likadutsa chiuno mumatambasula zala, ndodo imatsala ikulendewera pa lamba pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, kenako imabwerera yokha m'dzanja mukamabweza mkono. Lamba akakhala wa saizi yanu ndipo mwamufupikitsa kuti dzanja likhale pafupi ndi mutu wa chigwiriro, zimenezi zimachitika zokha. Malamba amagulitsidwa paokha, simufunika ndodo zatsopano, koma mupite ndi ndodoyo chifukwa kampani iliyonse ili ndi kalowetsedwe kake.

Achimwene a ku Göteborg: Eya, izi nde zomwe ndimafuna kunena ine. Kuno amati stakning, ku Norway staking, kukankha ndi ndodo zonse ziwiri nthawi imodzi. Mphamvu imachokera m'mimba ndi kulemera kwa thupi, umagwera pa ndodo, zala zilibe ntchito yambiri. Amene amafinya, pakatha mphindi makumi atatu mikono imauma kuyambira pachigongono kutsika ndipo zala zimachita dzanzi. Asisi Nabanda mumamva dzanzi?

Nabanda (Trondheim): Kwambiri achimwene, kachala kakang'ono ndi kotsatira kake. Ndimaona ngati n'kuzizira.

Namwino (London): Zala ziwiri zimenezo zimayendera mtsempha umodzi wodutsa m'mphepete mwa chikhatho. Kufinya kwambiri, kugunda kwa ndodo pa tala, kapena lamba wodinikiza malo olakwika zimatha kuukwiyitsa. Dzanzi likamatha mukapuma si zodetsa nkhawa kwambiri, koma likamakhala mpaka mawa lake kapena zala zikayamba kufooka, kaonaneni ndi dokotala wanu, musalimbe nazo mtima.

Kabaza (Aberdeen): Pa kugunda kwa tala paja tibwerere ku funso la amalume lonola nsonga, lisatiphonye. Ine ndinavutika chaka chathunthu ndisanadziwe. Nsonga za ndodo za pa tala ndi zachitsulo cholimba kwambiri chija amati carbide, koma zimabuntha ndithu. Zikabuntha ndodo imaterereka m'malo moluma, nde iwe umayamba kumenya pansi mwamphamvu ndi kufinya kuti isathawe, manja ndi zigongono n'kumalipira. Tupa wamba sagwira pa chitsulo chimenecho, pamafunika tupa wa diamond, kakang'ono kokwana m'thumba. Mphindi ziwiri musananyamuke, kutsatira mmene nsongayo inapendekera kale. Kukazizira tala amalimba nde m'pamene zimaterereka kwambiri.

Malume (Lillehammer): Komanso onani ngati ndodozo zili ndi nsonga za rulleski zenizeni. Anthu ambiri amagulitsa ndodo zili ndi nsonga za pa sinowo, zija zokhala ndi kadengu ka pulasitiki, zimenezo pa tala sizichedwa kuthyoka. Kusintha n'kosavuta, amamata ndi guluu wosungunuka ndi kutentha, mumaviika m'madzi otentha n'kukoka. Kumbali yakuthwa kuziloza kutsogolo mukamaika yatsopano.

Wa ku Zomba: Ine ndikungodabwa kuti funso linali la magolovesi koma tafika pa tupa. Koma ndaphunzirapo, ngakhale akabaza kuno amadandaula dzanzi la zala zomwezo.

Mai a Tadala (Oslo): Zimayenderana achimwene, dzanja, golovesi, lamba, ndodo mpaka pansi. Ndifunse nawo amalume, nanga ndodo zija za kampani ya Leki zoti lamba amakhala padzanja n'kumangokodola pa ndodo ndi kachingwe, mumaziona bwanji? Tadala akundivutitsa kuti anzake ali nazo.

Malume (Lillehammer): Ndi zabwino ndithu, amati Trigger Shark. Pali kachingwe kolimba pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala kamene kamalowa pa mutu wa ndodo, ukadina batani dzanja limamasuka, nde kumwa madzi kapena kuyankha foni sikuvuta. Amagulitsanso magolovesi amene kachingweko anasokerera pomwepo, lamba wapadera osafunikanso, nde zokwinyika zimachepa. Koma dziwani kuti golovesi imeneyo imagwira pa ndodo za mtundu womwewo basi, ndipo mufunika ina ya chilimwe ina ya chisanu. Kwa mwana amene akukula ine ndikanadikira kaye. Kwa a Nabanda palibe chifukwa, ndodo ali nazo kale.

Nabanda (Trondheim): Funso lina, pepani ndachulutsa. Ndikagula opyapyalawa ndifika nawo mpaka liti? Kuno ku Trondheim September akamatha m'mawa kumakhala kozizira kale, ndipo ine manja anga sapirira kuzizira, chisanu changa choyamba ndinkalira pa siteji ya basi.

Malume (Lillehammer): A neti aja ndi a May mpaka kumayambiriro kwa September. Kukayamba kuzizira mufunika achiwiri, opyapyalabe pachikhatho koma kumbuyo kotchinga mphepo, amene anthu amavala pa mpikisano wa pa sinowo. Amenewo mudzapitirira nawo mpaka chisanu masiku osazizira kwambiri, nde si ndalama yotayika. Pa rulleski mphepo imapweteka kuposa mmene thermometer ikunenera chifukwa pa mtsetse mumathamanga manja ali chete. Za tsiku la Birken lenilenilo tidzakambe nthawi ikayandikira, njira imadutsa pamwamba pa mapiri poyera popanda mitengo ndipo nyengo imasintha, ine ndimaika peya yofunda mu chikwama chija amalamula kuti aliyense abereke, cha makilogalamu 3.5. Kwa anthu a manja ozizira ngati inu pali ena amati hummer, zala zimakhala ziwiriziwiri m'thumba limodzi kuti zizifunditsana.

Namwino (London): Pamene bala likupola mukafuna kupitiriza pulakatisi, matani tepi ya zamasewera pamwamba pa pulasitala, muzunguze chala chachikulu osathinitsa, khungu likhale louma musanamate. Kapena sabata ino yendani opanda ndodo, miyendo yokha pamalo athyathyathya. Mphunzitsi wathu ku Hyde Park amatiyendetsa choncho kawirikawiri kuti tiphunzire kuima pa mwendo umodzi, nde simutayapo kanthu.

Mai a Tadala (Oslo): Ndipo muzichapa. Thukuta lili ndi mchere, golovesi ikauma nalo imalimba gwa ngati chikopa cha ng'oma, mawa lake imakucheka. Ine ndimatsukuluza m'madzi ofunda pang'ono ndi kasopo kochepa, kufinya mu thaulo, kuyanika pamthunzi. Osaika pa heater, makamaka a chikopa chenicheni, amakhwinyata osabwereranso.

Nabanda (Trondheim): Zikomo nonse, ndalemba zonse pa pepala. Lachisanu ndili off, ndipita ndi ndodo zanga kutauni.

Nabanda (Trondheim): Ndabweranso abale patha masiku khumi, ndimati ndikuuzeni mmene zayendera. Ndinapita ndi ndodo monga munanenera amalume. Ndinayesa mapeya asanu. Amene ndinawakonda ndi maso, okongola kwambiri, nditangolowetsa mu lamba ndinamva msoko ukudina pa bala pomwe, ndinawabweza. Ndinatenga a zala zonse, saizi 7, chikopa chopanga pachikhatho, neti kumbuyo. Mnyamata wa m'shopumo anandisinthira malamba kuika S, ndipo atayang'ana nsonga anandionetsa kuti imodzi inali yobunthiratu, yozungulira ngati mutu wa msomali, nde ndinagula zatsopano ndi katupa komwe. Sabata yoyamba ndinayenda opanda ndodo monga ananenera asisi a ku London, bala lauma bwino. Dzulo ndayenda ola ndi theka ku Granåsen, malo omwe Klæbo, katswiri wa ski wa kuno ku Norway, anatengera mamendulo asanu ndi limodzi a golide mu 2025, ndipo koyamba ndinamva ndodo ikubwerera yokha m'dzanja ndisanaifune. Ndinaima pamwamba pa chitunda ndinavula golovesi kuyang'ana, khungu lili bwinobwino, pongofiira pang'ono kumanzere. Lero ku ntchito ndapaka sanitaiza osaluma mano.

Achimwene a ku Göteborg: Ndasangalala asisi. Nanga dzanzi lija?

Nabanda (Trondheim): Lachepa kwambiri, limabwera kumapeto ndikatopa n'kuyambanso kufinya. Ndikumadzikumbutsa kutambasula zala.

Malume (Lillehammer): Pofiira kumanzerepo musapanyozere. Muone ngati lamba wa kumanzere mwamufupikitsa mofanana ndi wa kumanja, kawirikawiri amasiyana pang'ono, ndipo mumatepo tepi musananyamuke mpaka khungu lizolowere. Mukadzabwera mu March mudzafikire kwathu, mayi akunyumba akuti ufa woyera ulipo, ndipo ndidzakuperekezani ndekha ku basi ya ku Rena m'bandakucha.

Mai a Tadala (Oslo): Mng'ono wanga tanditumizire chithunzi cha chikhatho cha magolovesiwo ku inbox, ndione mmene msoko wadutsira. Tadala ake abooka pa chala chachikulu ndipo Loweruka ali ndi mpikisano ku Holmenkollen.